Kukonza ndi kupeta epuloni ya akuluakulu a ma Freemason, kwa atelala anzanga

Tsiku lomwe agogo ena achizungu analowa mu shopu yomwe ndimasokera kuno ku Scotland atanyamula kachikwama kakuda kaphanthiphanthi, ine ndimayesa mwina ndi buluku la suti akufuna tipinde miyendo. Atatsegula ndinangoti kakasi, mkatimo munali epuloni ya chikopa choyera, m'mbali riboni wa buluu wakuda, golide ali waliwali, mphonje zili lendelende koma mbali imodzi zitathothoka. Akuti mwana wanga ungandikonzere iyi, ndikufuna ndivale Loweruka. Ndinavomera chifukwa cha ndalama basi, osadziwa kuti ndikulowa m'ntchito yomwe inditengere zaka kuti ndiizolowere.

Ndikudziwa kwathu ukangotchula kuti Freemason anthu ena amayamba kale kudzudzula ziwanda kkkk. Ine si membala, za mkati mwa misonkhano yawo si zanga, nkhani yanga ndi ya singano ndi ulusi. Koma atelala ambiri a kwathu ali ku Britain kuno, ena ku Joni ndi ku Cape Town, ndipo ntchito iyi imabwera ndithu, makamaka kwa amene muli m'mashopu okonza zovala. Ngakhale ku Blantyre ma loji awo, kutanthauza magulu awo a m'dera omwe amasonkhana pamodzi, alipo kuyambira nthawi ya atsamunda. Ndiye ndati ndilembe zomwe ndaphunzira, zina mwa izo ndinaphunzira nditawononga katundu wa eni ake.

Choyamba mvetsani kuti epuloni iyi si yokongoletsa mmene mwafunira, ndi chikalata chomwe anzake amawerenga. Inachokera kwa amisiri osema ndi kumanga ndi miyala, omwe ankavala chikopa chachitali kuteteza zovala, ndiye gulu ili litakhazikitsa Grand Lodge yoyamba, likulu loyang'anira ma loji, ku London mu 1717 linatenga epuloni ija kukhala chizindikiro chawo. Zaka zoyambazo aliyense ankapeta kapena kupenta zomwe wakonda, mizati, dzuwa, mwezi, diso, chilichonse. Koma magulu awiri a ku England atagwirizana mu 1813 kupanga United Grand Lodge of England, anakhazikitsa malamulo a kukula kwake, mtundu wake ndi zomwe ziyenera kukhalapo, ndipo malamulowo ali m'buku lawo lomwe amalitcha Book of Constitutions, lomwe si lachinsinsi ayi, aliyense angathe kuliwerenga. Ndiye telala ukati apa ndiwonjezere kaluwa kuti kazioneka bwino, wamuchititsa manyazi munthu pamaso pa anzake.

Kawerengedwe kake ku England nkotere. Wongolowa kumene amavala chikopa cha mwana wa nkhosa choyera, chopanda kanthu, mulifupi mainchesi 14 mpaka 16, kutsika mainchesi 12 mpaka 14, chokhala ndi kachivindikiro ka ngodya zitatu pamwamba. Akakwera sitepe yachiwiri amamuikira timaluwa tiwiri ta riboni wa buluu wowala ngati thambo m'munsi, eni ake amati ma rosette. Sitepe yachitatu, ya Master Mason, kaluwa kachitatu kamabwera pa chivindikiro, m'mbali monse riboni wa buluu wowala wosapitirira mainchesi awiri, ndi mphonje ziwiri za siliva, iliyonse ili ndi timaunyolo 7 tokhala ndi timipira kumapeto. Munthu akakhalapo mtsogoleri wa loji yake timaluwa tija timachoka, m'malo mwake amaika ma levulo atatu ooneka ngati chilembo T chozondoka. Kuchoka apo ndiye akuluakulu enieni, a udindo wa chigawo ndi a ku likulu, buluu wowala uja amasanduka buluu wakuda ndipo siliva amasanduka golide. Ma steward, othandizira pa misonkhano ndi pa madyerero, a pamwamba okha ndi omwe amavala zofiira.

Akuluakuluwa amakhala ndi ma epuloni awiri, ina ya misonkhano wamba yopanda phokoso, ina ya masiku akuluakulu yokhala ndi lesi ya golide ndi mphonje za golide kuzungulira. Pakati pamakhala chizindikiro cha udindo, mlembi zolembera ziwiri zopingasa, msungichuma kiyi, mkulu wa mwambo ndodo ziwiri zopingasa, dikoni nkhunda yonyamula nthambi ya azitona, woimba limba kazeze kakale kaja. Wa udindo wa chigawo chizindikirocho chimakhala mkati mwa mizere iwiri yozungulira ndipo dzina la chigawo limalembedwa pakati pa mizereyo, pomwe wa ku likulu chimazunguliridwa ndi nkhata ya nthambi ya acacia mbali ina ndi ngala ya tirigu mbali inayo. Pamwamba pa onse pali ya Grand Master, udindo womwe Duke of Kent anautenga mu 1967, iyo ili ndi dzuwa lowala pakati, makangaza ndi maluwa a lotus m'mbali, tirigu wa ngala 7 m'makona, zonse zopeta ndi golide. Imeneyo musadandaule nayo siidzafika pa tebulo panu.

Tsono apa ndi pomwe ambiri timagwera. Zonse ndanenazi ndi za England. Scotland ili ndi Grand Lodge yakeyake kuyambira 1736 ndipo kuno loji iliyonse imasankha mtundu wake, mupeza zobiriwira, zofiira, za buluu, zina mpaka za tartan, nsalu ya mizere yopingasana ya ku Scotland, chivindikiro chake nthawi zambiri chimakhala chozungulira osati cha ngodya zitatu, ndipo a ku likulu amavala zobiriwira. Ireland nayo ili ndi zake. Ku America state iliyonse ili ndi Grand Lodge yake ndi malamulo ake. Kuwonjezera apo pali nthambi zina monga Royal Arch omwe riboni wawo ndi wofiira ndi buluu wa manomano, komanso magulu ena omwe si ma Freemason konse koma amavala ma epuloni, ma Oddfellows ndi ma Buffaloes. Ku South Africa ndi ku Zimbabwe ma loji a England, a Scotland ndi a Ireland amapezeka m'tauni imodzi. Ndiye musanagwire sizasi funsani, abambo loji yanu ili pansi pa Grand Lodge iti, udindo wanu ndi wotani, ndi wa panopa kapena munapuma. Akakhala kuti sakutha kufotokoza bwino auzeni afunse mlembi wa loji yawo kapena akubweretsereni ya mnzawo wa udindo womwewo muonere. Sakwiya ndi mafunso amenewa, ambiri amasangalala kuti telala akufuna kuchita zolondola. Ndipo jambulani zithunzi pa foni, kutsogolo, kumbuyo, makona onse anayi, musanamasule ulusi ngakhale umodzi, ndi tepi yoyezera ili pompo pa chithunzipo.

Ntchito zambiri zomwe zimabwera si zosoka yatsopano, ndi zokonza. Yoyamba ndi lamba. Munthu analandira epuloni ali ndi zaka 35, pano ali ndi 68, mimba inapita patsogolo. Lamba wake amakhala ndi ngowe yachitsulo yooneka ngati njoka, imeneyo musataye, muichotse bwinobwino ndi kachitsulo kosinthira utali kaja, musoke lamba watsopano wa mtundu womwewo muzibwezeretse. Poyeza m'chiuno funsani ngati amavala pamwamba pa jekete kapena mkati, ku England amavala pamwamba, ku Scotland ambiri amavala mkati mwa jekete, kusiyana kwake ndi mainchesi angapo ndithu. Ine ndimamuuza munthu abwere atavala jekete lomwe amapita nalo kumsonkhano.

Yachiwiri ndi kuchotsa timaluwa nkuika ma levulo munthu akakwera. Masulani nsalu ya kumbuyo pang'ono m'munsi kuti dzanja lilowe, dulani ulusi wa kaluwa chakumbuyo osati kutsogolo, mukatero nsonga ya sizasi siikanda chikopa. Ma levulo achitsulo amabwera ndi timiyendo kapena tisikuluwu tolowa m'chikopa, ndiye yezani kawiri katatu musanaboole, chifukwa chikopa si nsalu, bowo likaboola laboola. Onetsetsani kuti levulo yaphimba mabowo akale a kaluwa kaja, ndipo kumbuyo ikani kachidutswa ka nsalu yolimba kuti chitsulo chisang'ambe chikopa pakapita nthawi. Awiri a m'munsiwo akhale pa mzere umodzi, akapendekeka ngakhale pang'ono zimaoneka munthu ali patali, ndipo ndi levulo eti, chida choyezera kuwongoka, ndiye ikakhala yokhota anzake amuseka mpaka chaka kutha.

Yachitatu ndi kusintha baji ya pakati munthu akapatsidwa udindo wina. Ma baji a chigawo ambiri amapetedwa padera pa kachikopa kozungulira kenako nkusokerera, ndiye mumangomasula yakale nkuika yatsopano, kulowetsa singano m'mabowo akale momwe mungathere. Baji yakale mubwezereni mwini wake, ena amasunga.

Kusoka thupi la epuloni yatsopano sikovuta kwa munthu amene anasokapo chikwama. Chikopa chenicheni cha mwana wa nkhosa nchofewa ndipo chimatanuka, pali chinanso cha pulasitiki chomwe ogulitsa amachitcha lambine, chotchipa komanso chosavuta kupukuta, muuzeni kasitomala asankhe yekha ndipo musamunamize kuti ndi chenicheni. Dulani ndi mpeni wakuthwa pa rula yachitsulo, sizasi imasiya mano. Mapini ayi, gwiritsani ntchito tizopanira tija ta mapepala koma muike kansalu pansi pake kuti tisasiye chidindo. Pa mashini talikitsani sitichi ifike mamilimita atatu kapena kuposerako pang'ono, sitichi yaifupi imadula chikopa ngati mapepala a risiti aja ong'amba. Phazi la mashini likamakakamira ikani pepala lopyapyala pamwamba, musoke, kenako mulithothole. Riboni pa makona mupinde mopingasa kuti mzere wake uloze pakona penipeni, ndipo makona onse afanane. Kumbuyo nsalu ya mtundu wa riboni, yokhala ndi kathumba, akuluakuluwa amaikamo magolovesi oyera kapena kapepala ka zolankhula. Mphonje zachitsulo zija zimalendewera pa timariboni tiwiri totuluka pansi pa chivindikiro, ndiye muzisokerere kaye musanatseke chivindikirocho. Lesi ya golide ndi mphonje za m'mbali ine ndimasoka pamanja, mashini amaphwanya waya.

Tsopano kupeta kwa golide, komwe ndi mtima wa ntchito yonseyi komanso komwe kuli ndalama.

Chinthu choyamba chomwe chinandidabwitsa nchakuti golideyu salowa m'nsalu. Si ulusi woti muulowetse pa singano nkumabaya ayi. Zambiri mwa zomwe mukuona zikunyezimira pa baji ndi purl, kawaya kopyapyala kokulungidwa ngati kasipuling'i kofewa, kabowo pakati, kamabwera katalikatali ngati nyongolotsi. Mumadula tizidutswa nkumatunga pa singano ngati mikanda, basi. Amene munatungapo mikanda muli kale ndi theka la luso. Pali wosalala wonyezimira, pali wosanyezimira kwambiri, pali bright check wokhala ndi timakona yemwe amathwanima ngati shuga, ndiye pali pearl purl yemwe ndi wolimba, wooneka ngati timikanda tolumikizana, ameneyu ndi wa m'mphepete mwa chojambula. Palinso ulusi wokulungidwa ndi golide, passing kapena Japan thread, umenewu mumaugoneka pamwamba pa nsalu awiriawiri nkumaumanga ndi ulusi wina wamba. Pogula mupeza wina wolembedwa gilt, wina wolembedwa 2%, wachiwiriyu golide wake ndi wochulukirapo ndipo ndi wodula. Musasakanize awiriwa pa baji imodzi, lero aoneka ofanana koma akamakalamba amasintha mtundu mosiyana.

Zida zake nzochepa. Felemu yokoka nsalu, kasizasi kakang'ono komwe mwapatulira waya yekha chifukwa kabuntha ndithu, singano zopyapyala nambala 10 kapena 12, ulusi wolimba wa polyester wachikasu, phula la njuchi, kopanira kaja kozulira nsidze, ndi kabolodi kokutidwa ndi veleveti kodulirapo purl kuti tizidutswa tisamadumphe. Kabolodi aka pangani nokha ndi katoni ndi chigamba cha veleveti. Phula lija mumakokapo ulusi kawiri katatu musanayambe, limauteteza kuti waya asaudule komanso usamapotane.

Musapete pa epuloni penipeni. Kokani nsalu yolimba ya kaliko pa felemu mpaka izilira ngati ng'oma mukaigogoda, pamwamba pake musokerere kachikopa kapena nsalu yomwe baji ikhalepo. Nsalu yolefuka ndiye gwero la mavuto onse, golide amakhwinyata mukaichotsa pa felemu. Chojambula muchisamutse pa pepala poboola timabowo motsatira mizere, nkupaka ufa wa choko kapena wa makala kuti udutse m'mabowomo, kenako nkulumikiza timadonthoto ndi pensulo yosongoka. Pa chikopa choyera samalani ndi makala, pang'ono pokha, ndipo mzere uliwonse mwajambula uyenera kudzaphimbidwa ndi golide chifukwa sufufutika.

Kenako kukweza. Mukaona baji yabwino zolembera zija kapena kiyi zimakhala zotukuka, sizigona fulati. Pansi pake pamakhala felt, nsalu yokhuthala yosaluka, wachikasu wodulidwa m'magawo, kakang'ono pansi, kokulirapo pamwamba pake, kofanana ndi chojambula pamwamba penipeni, kuti pakhale kaphiri kosalala. Pa zinthu zazitali zopyapyala monga ndodo, phesi la tirigu kapena zilembo, mumatenga ulusi wa thonje wokhuthala zingwe zingapo, kuupaka phula, kuugoneka motsatira mzere nkuumanga, kumapeto mukumadulako zingwe za pansi kuti kuzisongoka. Chikasu nchofunika chifukwa pakatseguka kampata pakati pa golide diso silimaona msanga.

Mukatha apo yambani ndi m'mphepete. Pearl purl mumukoke pang'ono kaye, pang'ono zedi, kuti timipata titseguke ulusi uzilowa nkubisala pakati pa timikanda. Mukakoka kwambiri sabwereranso, mwataya. Mumangeni pa timikanda titatu kapena tinayi tiliwonse, pokhota pafupipafupi, ndipo ulusi ukalowa bwino mumamva kakuti tswi. Pa makona mupinde ndi kopanira kaja.

Kudzaza mkati ndi purl wodula ndi pomwe pamafuna mtima wautali. Yambirani pakati pa chojambula kupita kumapeto, kenako mubwerere pakati kupita mbali inayo, tizidutswa tigone mopendekeka osati mowongoka. Tulutsani singano mbali imodzi, tungani kachidutswa, kagonekeni pa kaphiri kaja muone ngati kakukwana musanabaye mbali inayo. Kakatalika kamapindika nkusweka msana, kakafupika felt amaonekera m'mbali. Kosakwana kachotseni, musakakamize, kasungeni kadzagwira ntchito pena. Ine masiku oyamba ndinkadula tizidutswa 20 tofanana nthawi imodzi kuti ndifulumire, zinali zopusa, chifukwa chojambula chimanenepa nkumawonda ndiye kachidutswa kalikonse kali ndi muyezo wake. Ndipo purl musamugwiregwire ndi zala, mutoleni ndi nsonga ya singano pa veleveti paja, thukuta la m'manja limadetsa golide, chala chanu chidzaonekera pa baji patapita miyezi. Sambani m'manja pafupipafupi ndipo mafuta odzola muiwale tsiku limenelo, ngakhale kuzizira kwa kuno kukusweni manja.

Ngala ya tirigu imaoneka yovuta koma ndi yokoma kupanga, njere iliyonse ndi tizidutswa tiwiri kapena titatu togonekedwa ngati chilembo V, kuyambira kunsonga kutsika, ndevu zake ndi ulusi wa passing umodziumodzi. Masamba a acacia ndi tizidutswa tating'ono mbali ziwiri za phesi. Chovuta chenicheni ndi zilembo za dzina la chigawo zozungulira baji, chifukwa nzazing'ono ndipo aliyense amaziwerenga. Lembani dzinalo pa pepala, kasitomala aliwerenge avomereze, muwerenge zilembo, mupeze cha pakati, muyambire pamenepo kupita uku ndi uku. Mayina ngati Worcestershire si oti muziloweza pamtima. Mukamaliza pakani guluu wopyapyala wa nsalu kumbuyo kwa kaliko kuti ulusi usamasuke, ziume zili pa felemu pomwepo, ndiye mudule.

Kunena zoona, baji yatsopano wamba sindikulangizani kupeta nokha kuti mupikisane ndi ogulitsa. Makampani akale ngati Toye, Kenning and Spencer akhala akupanga zimenezi kwa mibadwo, ndipo zambiri zotchipa zomwe zili pa intaneti zimapetedwa pamanja ku Sialkot ku Pakistan komwe kuli amisiri ambiri a waya wa golide, mtengo wawo simungaufike. Baji wamba gulani kapena kasitomala abwere nayo, inu musokerere. Luso lanu lopeta lisungireni zomwe sitolo singachite, kukonza epuloni ya bambo ake a munthu yomwe akufuna kuvala iyeyo, kubwezeretsa purl pomwe anathothoka, kapena loji ya ku Scotland yomwe ili ndi chizindikiro chakechake. Pokonza yakale golide watsopano amawala kwambiri pafupi ndi wakale, muuzeni kasitomala zimenezi musanayambe, ndipo sankhani purl wosanyezimira uja kuti kusiyana kuchepe. Tizidutswa takale tomwe tangomasuka koma sitinasweke titungeninso tomweto ndi ulusi watsopano.

Ndiye za ngozi yanga. Epuloni ya agogo aja nditamaliza kusoka mphonje ndinaona riboni wa buluu wakwinyika pakona, ndiye mwachizolowezi cha telala ndinatenga ayironi ya nthunzi nkuti fuu. Riboni ameneyu ali ndi mizere ngati mafunde a madzi, amati moiré, ndipo mafundewo si oluka ayi, amachita kudindidwa ndi makina otentha opanikiza. Nthunzi itangofika mafunde anafufutika malo aakulu ngati chikhatho, pambali pake chikopa chinauma nkukwinyika ngati chikopa cha ng'oma chomwe chayandikira moto. Ndinakhala pansi osalankhula. Riboni ndinagula wina ndi ndalama zanga nkusintha mbali zonse kuti zifanane, usiku wonse, koma chikopa sichinabwerere, ndinangowauza zoona agogowo. Anayang'ana nthawi yaitali nkunena kuti chivindikiro chiphimbako, koma sanabwerenso.

Choncho ayironi ayi, nthunzi ayi, madzi ayi, ku dry clean wamba ayi. Dontho limodzi la madzi pa riboni ameneyu limasiya chizindikiro. Ikakwinyika igonekeni pakati pa mapepala oyera muike mabuku olemera pamwamba masiku angapo, koma pomwe pali golide wotukuka pasapanikizike, zungulizani ndi kansalu kopinda. Chikopa chikada pukutani ndi kansalu kofewa kouma, pena rabala yoyera ya pensulo imathandiza mukayesa kaye pansi pa chivindikiro pomwe sipaoneka. Ya pulasitiki ija yokha ndi yomwe mungapukute ndi kansalu konyowa pang'ono, osakhudza riboni. Golide wopeta akada musayerekeze Brasso kapena mankhwala otsukira siliva kapena mankhwala otsukira mano omwe anthu amalangizana, golide wake ndi kachikutiro kopyapyala pamwamba pa chitsulo china, mukapukuta mwachotsa, ndipo mankhwalawo amalowa m'kati mwa sipuling'i nkuuma moyera, simudzawatulutsanso. Fumbi chotsani ndi kaburashi kofewa kopentera, basi. Kuda kwa golide wakale kusiyeni, ambiri mwa eni ake amakukonda, kumasonyeza zaka. Mphonje zachitsulo ndi ma levulo, zimenezo mungazichotse nkuzipukuta padera nkuzibwezera.

Kasitomala akamatenga muuzeni kasungidwe, chifukwa zambiri zomwe timakonza zinaonongekera m'nyumba osati kumsonkhano. Isapindidwe, igone fulati m'chikwama chake chija, pamwamba pa golide pakhale pepala lopyapyala lopanda asidi, mphonje zachitsulo zikulungidwe kuti zisamakande chikopa kapena kusiya dzimbiri. Nyuzipepala, malabala omangira ndi nsalu za ubweya zikhale kutali, zimafulumizitsa kuda kwa chitsulo. Jumbo ya pulasitiki yotseka imasunga chinyontho ndipo nkhungu imamera pa chikopa, ku Durban kapena ku Beira kapena nyumba zonyowa za kuno zimenezi sizichedwa. Pamwamba pa siling'i ndi mu galaja ndi malo oipitsitsa.

Nthawi zina amabwera ndi mayi wamasiye kapena mdzukulu, wapeza epuloni mu sutikesi ya malemu. Apa chepetsani liwiro. Ikakhala ya silika, yopenta pamanja, yozungulira m'munsi, yokhala ndi zithunzi zambirimbiri zosatsata malamulo ndafotokoza aja, mwina ndi yakale kwambiri ndipo singano yanu ingaichotsere mtengo. Silika wakale amasweka ngati tsamba louma mukangomubaya. Zoterezi zimasungidwa m'nyumba zosungira zakale, Museum of Freemasonry ku Great Queen Street ku London ili nazo zambiri, ndipo ku America akusungabe ya George Washington yomwe anatumiziridwa kuchokera ku Nantes ku France mu 1782, yopetedwa ndi mbendera za maiko awiriwo. Yotere ine ndimakana kusoka, ndimawauza apite nayo kwa akatswiri osamala nsalu zakale kapena alembere ku museum, ndipo ndimawakulungira mu pepala loyera kwaulere. Ikakhala ya masiku ano ndipo banja silikuifuna, loji ya malemuyo kawirikawiri imalandira nkupatsa membala wina.

Pa mtengo, musatchule musanamasule kumbuyo nkuona. Epuloni yooneka ngati yangothothoka mphonje mupeza ulusi wonse wa mkati unafumbwa, mukakoka umodzi purl khumi agwa. Ine ndimatchula mtengo wa kuyang'ana kaye, kenako ndimawerengera maola, ndipo zipangizo kasitomala amalipira padera chifukwa purl amagulitsidwa pang'onopang'ono ndipo amatha msanga kuposa mmene mukuganizira. Funsaninso tsiku la msonkhano womwe akufuna kuvala, nthawi zambiri amabwera kwatsala masiku anayi, ngati sizitheka nenani pompo. Ndipo musanalandire ntchito yoyamba ya golide gulani epuloni yakutha yotchipa pa eBay kapena mu charity shop, muimasule yonse mpaka chikopa chitsale chokha, muone mmene anapindira makona, pomwe anabisa mfundo, mmene anaunjikira felt pansi pa baji, kenako muibwezeretse mmene inalili.